Madzi a Pansi pa Thanthwe la Kamba

Nkhani iyi anandiuza ndi Irulayi mwini wake, Lachisanu lapitali, tili pamchenga kutembenuza ndere zoyanika. Ine ndinali nditatha miyezi iwiri kumtunda ndikudwazika mchemwali wanga, ndiye zambiri sindinazione ndi maso anga. Ndikuinena monga mmene anandiuzira.

Mkangano unabuka pa chakudya chamasana. Irulayi anali atayala kalata ya boma pansi, pafupi ndi mphika wa mpunga, n'kuipsinja ndi kapu kuti isauluke. Kuwerenga sadziwa, koma anthu atatu anali atamuwerengera kale, mawu onse ali m'mutu. Kalatayo imati ndere za pa Thanthwe la Kamba zikufa, ndipo akuluakulu a fakitale ya madzi alembera boma kuti akuzipha ndi amayi a mudzi wathu wa Valamunai, ati amapala miyala ndi zitsulo. Pakatha masabata atatu kubwera woyendera. Akapeza kuti n'zoona, amayi onse aletsedwa kulowa m'nyanja kukathyola ndere, ndipo chiletsocho sichidzachoka.

Mwana wake Boominathan ankadya atavala yunifomu ya fakitale yomweyo. Iye ndi amene ankayendetsa boti la fakitaleyo. Mkazi wake Selvarani, yemwe ndi mwana wa mlongo wake wa Irulayi, ankawonjezera msuzi wa nsomba wa bwemba m'mbale, maso ali pansi.

"Zitsulo," anatero Irulayi, akutambasula manja. "Zaka makumi anayi ndikutsika pathanthwe paja. Taona zala izi. Chitsulo chake ndi chiti pamenepa?"

Boominathan anati kalatayo sanalembe ndi iye, iye ntchito yake ndi injini basi.

"Sindikuti walemba ndiwe. Ndikufunsa za paipi."

Fakitaleyo imakoka madzi a m'nyanja, n'kuchotsa mchere, abwinowo n'kuwatumiza kumipopi. Otsalawo, owawa mchere kawiri, amabwerera m'nyanja kudzera m'paipi yaikulu yogona pansi, imene kamwa lake lili kutali, kwakuya. Popita kumeneko paipiyo imadutsa m'mbali mwa Thanthwe la Kamba. Irulayi ananena zimene wakhala akunena chithere mphepo yamkuntho ya chaka chatha. Anati pamwamba madzi ali bwinobwino, koma ukatsika m'chigwa cha kuseri kwa thanthwe umalowa m'madzi ena, ofunda, olemera, onyezimira ngati manyuchi osungunuka. Akakukhudza pamilomo amaluma, ndipo tsitsi limatuluka likununkha mankhwala ochapira. Nkhanu zathawamo. Ndere zimayamba kuyera, kenako zimangosuluka m'manja ngati phala.

"Iweyo unakulira m'bwato la bambo ako," anatero. "Usandiuze kuti sukudziwa."

"Amayi, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ine andimangirira pafakitale. Mukufuna ndidule chingwe, ndikadye chiyani? Nsomba zake ziti?"

Apa Selvarani analowererapo, ndipo sanayankhule mofatsa monga mwa masiku onse. Anakumbutsa azakhali akewo mmene ankadzukira kukakumba timaenje mumchenga, kudikira maola awiri kuti timadzi tamatope tidzaze mtsuko umodzi. Anati khosi lake mpaka lero limawawa chifukwa cha mitsuko imeneyo.

"Azakhali, kapu mwapsinjira kalatayo muli madzi a kuti? Mukayambitsa phokoso n'kutseka fakitale, kumaenje kuja mukapita ndinu?"

Irulayi anayang'ana kapuyo. Madziwo amawamwa, ndipo ndi okoma. Anangoti iye sakufuna kuti atseke, akufuna asoke chimene chang'ambika. Anawonjeza kuti madziwo si aulere monga anthu amaganizira. Boominathan yemweyo ndi amene ananenapo kuti fakitale imadya magetsi oposa midzi yonse ya m'mbali muno, magetsi ake ootchera malasha kudoko kuja. Magetsi akazima amayatsa majenereta a dizilo, mwaye n'kumagwera pa ndere zoyanika, ogula n'kumakwinya nkhope.

"Utsi tikupuma, sitinadandaule. Mwaye tikusasa, sitinadandaule. Lero atinamizirenso kuti akupha nyanja ndife?"

Boominathan anasamba m'manja n'kutuluka, mpunga atasiya theka. Masiku anayi otsatira mayi ndi mwana sanayankhulane, zonse zimadzera mwa Selvarani. "Auzeni amayi kuti mafuta a nyale atha." "Umuuze bwana wa injini kuti malaya ake auma."

Chomwe chinkamupweteka kwambiri Irulayi n'choti amayife tinayamba talakwa tokha. Lamulo lathu ndi lakale. Timalowa m'madzi masiku asanu ndi limodzi mwezi ukakhala watsopano, ena asanu ndi limodzi ukakhala wathunthu, ndipo masiku otsalawo miyala imapuma. Ndere zitayamba kutha, palibe anaganiza za paipi. Aliyense anati pali wina akuba masiku opuma. Tinakhala miyezi tikuzondana, kuyang'anirana matumba, kununkhizana tsitsi pampopi ngati lanyowa ndi madzi amchere. Ena anafika potukwanizana pamsewu, alonda a fakitale akumva. Mawu athu omwewo ndi amene anawatola n'kukawalemba m'kalata.

Sabata yachiwiri Irulayi anaganiza zokatenga umboni. Anatsika m'chigwa chija ndi botolo lotseka, analitsegulira pansi penipeni, n'kulitsekanso asanakwere. Mawa lake anavala sari yake yabwino, anakwera basi ndi mnzake Kaliyammal, mayi wamfupi wosasowa chonena, mpaka ku ofesi ya boma kutauni. Anadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mlembi amene anawalandira anatsegula botolo, ananunkhiza, n'kuseka.

"Amayi, mchere uli m'khitchini ya aliyense. Ndidziwa bwanji kuti simunathiremo nokha?"

Kaliyammal anamufunsa ngati iyeyo kwawo amathira mankhwala ochapira m'ndiwo. Mlembiyo sanaseke nawo. Anati woyendera adzayeza yekha, ndi zipangizo zake, pa tsiku lolembedwa, ndipo boti lodzamutenga ndi la fakitale. M'basi pobwerera Irulayi anawerenga masiku pa zala. Tsiku lolembedwalo limagwera pakati penipeni pa masiku opuma.

Amayi anakumana pansi pa migwalangwa kuti aone chochita. Ena anati aliyense akhale pakhomo tsiku limenelo, nyanja ioneke yopanda munthu, woyendera aone kuti timasunga lamulo. Irulayi anati akakhala pakhomo, boti lidutsa pamwamba pa chigwacho ngati basi yodzaza, woyendera akayeza kumene amutengera, abwerera kwawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Wina anati nanga akalowa m'madzi tsiku lopuma, si ndiye kudzigwiritsa yekha? Anakangana mpaka mithunzi kutalika. Pomaliza anamulola iye yekha, koma anamuikira malire. Asatenge thumba, ndipo asakulunge zala. Aliyense kuno amadziwa kuti sungathyole ndere ndi zala zosakulunga nsanza, miyala yake imadula ngati lumo.

Kwa mwana wake sananene chilichonse. Koma m'mawa wa tsikulo Boominathan anaona magalasi a m'madzi ali pakhomo, pamodzi ndi mbale ziwiri zachitini zimene amayi ake amamangirira kumapazi popalasa madzi. Anaima, yunifomu ili paphewa.

"Amayi, lero si tsiku lolowa."

"Ndikudziwa masiku, ndinakubala ndine."

"Kapitawo akhala m'boti momwemo. Musandiike pakati."

Irulayi anayankha kuti sakumuika paliponse, aliyense akagwire ntchito yake. Selvarani anawapatsa onse awiri tiyi.

Kaliyammal anapalasa kabwato mpaka pathanthwe. Boti la fakitale linawadutsa chapatali likupita kwakuya, ndipo anatha kuona kapitawo ndi chipewa chake choyera, pambali pake woyendera, mayi wachitsikana wovala jekete yoyandamitsa munthu. Anadikira kupitirira ola. Atamva injini ikubwerera, Irulayi anatsikira m'madzi, anasambira n'kukaima panjira yeniyeni ya boti. Kenako anamasula mpango wa kumutu, anaukweza m'mwamba n'kumaugwedeza.

Kuno munthu ali m'madzi akakweza nsalu, palibe boti limadutsa. Kaya ndi mdani wako, kaya wadzaza nsomba zoti ziwola, umaima. Amene wadutsa, anthu sadyanso naye, ndipo pamaliro ake sapita. Irulayi anandiuza kuti mkono unkalemera pokweza mpangowo, chifukwa sanali kumira, ndipo chibadwire sanauseweretsepo mwambo umenewu. Ankadziwanso kuti akumufinya mwana wake pakona.

Boti linabwera osachepetsa liwiro. Anamva kapitawo akukuwa kuti alizungulitse, awa ndi amayi ovuta aja. Boti linapendekera kumanja pang'ono ngati likumvera. Kenako injini inatsika mawu, n'kuzima.

"Ndakuuza kuti pita," anatero kapitawo.

"Bwana, akweza nsalu. Sindingadutse."

"Akumira amenewa? Ukuona ngati akumira?"

"Zimenezo timafunsa titaima, bwana."

Kapitawo anatembenukira kwa woyendera uja. Anati Madamu adzionere okha, lero ndi tsiku limene amayiwa amati salowa m'nyanja, koma si uyu ali m'madzi. Madamuwo anasuzumira. Anali aang'ono kuposa Selvarani, nkhope itatuwa ndi mafunde. Anafunsa Irulayi chimene akuchita pamenepo.

Irulayi anagwira m'mphepete mwa boti n'kuonetsa zala zake zonse khumi, zopanda nsanza, ndi m'chiuno mopanda thumba. Anati sanabwere kudzathyola, wabwera kudzapempha kuti ayezenso pano. Kapitawo anati ayeza kale kukamwa kwa paipi, ndipo madzi apezeka abwino kwambiri, osasiyana ndi nyanja ina yonse.

"Eya," anatero Madamu pang'onopang'ono. "Abwino kwambiri. N'zimene zikundidabwitsa. Pakamwa pa paipi pamayenera kusiyanako."

Anatulutsa chipangizo chawo, kabokosi ka manambala kokhala ndi chingwe chachitali, kunsonga kuli kachitsulo ngati chala. Anakaviika m'madzi n'kuwerenga. Zinali bwino. Kapitawo anaomba m'manja kamodzi, akuti basi, tizipita, dzuwa lakula. Irulayi anapempha kuti atsitse pansi. Anatsitsa, koma kachitsuloko kanali kopepuka, madzi oyenda ankangokakokera cham'mbali, kutali ndi chigwa.

"Ndipatseni, Madamu, ndikapereke ndekha."

"Mungafike pansi?"

Kaliyammal ali m'kabwato anayankha kuti mayi ameneyu pansi amafikako kawirikawiri kuposa kukachisi. Madamu anamwetulira n'kumasula chingwe chonse.

Irulayi anavala magalasi, anakoka mpweya, analuma chingwe n'kutsika. Akuti tsikulo madzi anali oyera, moti malire ake ankaoneka bwinobwino, madzi olemera aja atagona m'chigwa ngati dziwe lina mkati mwa nyanja. Analowetsa mkono mpaka m'phewa, n'kupitirira cha kupaipi, pamene zitsulo ziwiri za paipiyo zinalekana mpata wolowa dzanja. Pamenepo madzi ankatuluka mwamphamvu, ofunda, akukankha mchenga. Anagwira mwala ndi dzanja lopanda nsanza, mwalawo n'kumudula, koma anakhalabe pompo mpaka chifuwa chitayamba kutentha, kuti a pamwamba awerenge mokwanira.

Atavuuka anagwira m'mphepete mwa boti. Madamu ankalemba mofulumira. Anamupempha kuti atsikenso, kenako kachitatu, uku akujambula manambala ndi foni. Ulendo wachitatu Irulayi anakwera ndi ndere zakufa m'dzanja lamagazi, anaziika pa bondo la kapitawo, zinangophwanyika ngati phala.

Kapitawo anati izi n'zachilendo kwa iye, mwina zachitika sabata yomweyi. Madamu anatembenuka. Anayang'ana Boominathan n'kumufunsa kuti amadutsa pano kangati.

"Tsiku lililonse, Madamu."

"Unaonapo kanthu?"

Irulayi akuti sanamuyang'ane mwana wakeyo, anayang'ana dala kumtunda. Kenako anamva mawu ake, otsika, akunena kuti chithere mphepo yamkuntho, nyanja ikaphwa pamaoneka chithovu pamalo ano. Anati anakanena kawiri kuofesi, ndipo anamuyankha kuti kukonza kufuna kuimitsa fakitale masabata angapo, adikire kaye. Ananena miyezi yake, ndi amene anamuuza. Kapitawo anavula chipewa n'kumadzikupiza nacho.

Irulayi anafuna kupezerapo mwayi, anatchula za utsi wa majenereta ndi mwaye. Madamu anati zimenezo azilemba, koma za utsi ndi za ofesi ina, ndipo sangalonjeze. Za paipi ndiye analonjeza.

Kunyumba Selvarani atamva analira, akuti basi ntchito yatha, madzi athanso. Boominathan anakhala pakhonde osadya. Irulayi anakhala naye pafupi, dzanja atalimanga nsanza, n'kunena kuti akudziwa kuti anamukakamiza. Iye anayankha kuti nsalu ija inangomukakamiza kuima, zoyankhulazo anayankhula yekha.

"Koma Amayi, musadzakwezenso mpango musakumira. Mtima unandichoka."

"Sindidzabwereza."

Patatha masiku asanu ndi anayi kunabwera kalata ina. Imati amayi a ku Valamunai alibe mlandu, nkhani ya chiletso ija yafafanizidwa, ndipo fakitale iime mpaka paipi itakonzedwa. Kunabwera chombo cha anthu ovala mabotolo a mpweya kumsana. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi mipopi inauma, madzi ankabwera pa lole kamodzi pa masiku awiri. Pamzere amayi ena, omwewo amene anapulumuka, ankamunyogodola Irulayi kuti taonani mfumukazi ya pansi pa nyanja yatimwetsa fumbi. Iye ankangoseka. Mitsuko ya nyumba yawo ankasenza yekha, osalola Selvarani kunyamula ngakhale umodzi, akuti anayambitsa ndi iye.

Boominathan sanamuchotse ntchito. Akuti Madamu analemba dzina lake m'lipoti monga mboni, ndiye kumuchotsa kukanaoneka poyera. Anangomulanda boti n'kumuika kochotsa zinyalala pa masefa, ntchito yonunkha, yoswa msana. Amabwera madzulo akudandaula, Selvarani n'kumamuuza kuti akasambe kaye asanalowe m'nyumba, koma yunifomu akadali nayo. Kapitawo uja anamusamutsira kwina. Majenereta akadafukabe magetsi akazima, ndipo ofesi ya utsi sinayankhe mpaka lero.

Ndinamufunsa Irulayi za thanthwe. Anati anatsikako Lolemba, tsiku loyamba la mwezi wathunthu. Madzi a m'chigwa apepuka, sakulumanso milomo. Miyala yambiri ikadali yoyera ngati mafupa, koma cha kum'mawa kwake anaona timphukira tofiirira, totalika ngati chikhadabo, ndi nkhanu imodzi yaing'ono imene inamuopseza ndi zopanira zake. Akuti anaseka ali pansi pomwepo mpaka kumeza madzi.

Madzulo a tsiku lomwelo amayi anakumananso pansi pa migwalangwa, n'kugwirizana kuti pa Thanthwe la Kamba pasathyole munthu kwa chaka chathunthu. Azithyola kumiyala ya kumwera, ngakhale kuli kutali ndipo ndere zake n'zochepa. Kaliyammal akuti anadandaula kuti tinamenyera nkhondo kuti asatiletse, lero tikudziletsa tokha. Irulayi anamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chitseko chotseka wekha umadziwa potsegulira.

Atafika pamenepa anaimirira, anasasa mchenga pa sari, n'kunena kuti nkhani yatha, ndere sizidzitembenuza zokha. Ine ndinamaliza mzere wanga mofulumira. Mwana wanga wamkazi anali atalongedza kale chikwama kuti Loweruka akwere basi, akafune ntchito yosenda nkhanu kutauni, poganiza kuti za m'nyanja zatha. Ndinapita molunjika kunyumba kukamuuza kuti amasule katundu wake, mwezi ukakhala watsopano tikulowa limodzi.